Golosale ya Mayi Wamasiye

"Liraninso, Amayi. Poyamba paja njinga yamoto inasokosa."

Mai Juliana anamuyang'ana mwana wawo Fanizo, kenako anayang'ana foni imene mkazi wake, Prudence, anawalozetsa kumaso. Anali atawakhazika pamphasa pakhonde la golosale, atavala zakuda, chithunzi cha malemu amuna awo chili pamiyendo. Linali tsiku lachinayi chiikireni a Sebastiano m'manda. Kunyumba, kuseri kwa golosaleyo, phulusa la moto wa pamaliro linali lisanawoledwe.

"Misozi siitanidwa ngati nkhuku, mwanangu," anatero.

"Chabwino, ingonenani mawu ndakuphunzitsani aja."

Ananena: "Amuna anga atisiya, koma golosale yawo sitseka. Gulani kwanu kuno, musakagule kutali."

Prudence anaonera kanemayo nagwedeza mutu. "Zauma. Akukhala ngati akulengeza za katemera wa ng'ombe. Palibe angatumizire mnzake zimenezi."

Fanizo ananjuta pafupi ndi amake n'kuwagwira dzanja. Mawu ake anafewa ngati a munthu wopepesa maliro.

"Amayi, akuti Ababa anagwa cha m'ma teni koloko m'kachipinda ka katundu umo. Anthu ankangoti odi, odi, n'kumabwerera. Inu munachoka kudimba dzuwa litapendeka. Maola onsewo anali pansi, ali okha. Mukuganiza kuti anakuitanani kangati?"

Funso limenelo Mai Juliana anali akulithawa kwa masiku anayi. Linawalowa ngati munga. Anatsegula pakamwa kuti amudzudzule, koma chinatuluka ndi kulira kwa m'mimba, kosaumbika, mamina ndi misozi zikugwera pagalasi la chithunzi. Fanizo anasuntha pang'ono kuti asaoneke.

"Imeneyo ndiye," anatero Prudence, akutsitsa foni.

A Sebastiano anawoloka malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ali mnyamata wa tsitsi lakuda, atasenza wailesi yakufa ndi bulangete. Anayamba ndi kathebulo ka sopo wodula pamsika waung'ono wa kwa Ndamera, m'mphepete mwa msewu wopita kumalire, ndipo patapita zaka anamanga golosale ya njerwa zootcha. Sanali munthu wa mawu ambiri. Chikwangwani chawo, cholembedwa kuti Takhuta Golosale, chinali chitafufutika kalekale ndi dzuwa, koma sanachipentenso. Ankati amene akumudziwa safuna chikwangwani.

Fanizo ndiye ankati bambo ake ankagona pa chuma. Iye ankagulitsa machaja ndi zikwama za mafoni ku Limbe, ndipo anachitako maphunziro a sabata imodzi a kasatsidwe ka malonda, amene satifiketi yake anabwera nayo kumaliro m'chikwama chimodzi ndi suti. Achibale atadandaula kuti golosale yatsegulidwa anthu asanamete, anawagawira shuga ndi sopo. Anabwerera kwawo ali duu.

Sabata isanathe, malo aja anasintha. Fanizo ankagwira ntchito akuyankhula, ngati akuphunzitsa kalasi.

"Chikwangwani chiziwerengeka ndi munthu ali pa kabaza wothamanga. Shuga, mafuta ndi sopo zikhale pomwe maso akugwera, osati m'munsi. Filiji ibwere pakhomo. Kuno kukutentha chonchi, munthu akaona botolo likuchita thukuta, miyendo imalowa yokha. Wogula mumutchule dzina. Amene alibe ndalama m'manja azilipira pafoni. Ndipo aliyense akamatuluka mumufunse kuti n'chiyani chimene wachifuna koma sanachipeze."

Chowawa kwa Mai Juliana chinali chakuti zambiri mwa zimenezi zinali zanzeru. Golosale inawala, mbewa zinathawa, katundu amene anakhalitsa m'makatoni anayamba kuyenda. Akanakonda kumuyamikira mwana wawo. Koma tsiku lomwe anasuntha filiji, Fanizo anatulutsanso benchi imene azibambo okalamba ankaseweramo bawo ndi malemu, naiwaza nkhuni.

"Pakhomo pa sitolo si pogonera agalu okalamba," anatero, iwo akumva.

Kenako kunabwera wopenta. Pomwe panali Takhuta Golosale analembapo zilembo zofiira zazitali ngati mwana: KWA MAYI WAMASIYE. Pansi pake: GULANI KWANU.

"Ine ndili ndi dzina, Fanizo."

"Dzina lanu siligulitsa, Amayi. Anthu sagula sopo, amagula nkhani. Sopo ali paliponse. Nkhani yathu ndi inuyo."

Anawachotsa kuseri kwa kauntala kumene anathandiza amuna awo kwa zaka makumi atatu. Prudence anati amachedwa, amasakaniza Chisena ndi Chichewa, ndiponso amacheza kwambiri ndi anthu ogula machesi okha. Ntchito yawo inakhala imodzi: kukhala pamphasa pakhonde kuyambira m'mawa, atavala zakuda, chithunzi chili pambali.

Kanema uja anayenda ngati moto wa m'bango. Anafika m'magulu a pa WhatsApp a aphunzitsi, a kwaya, a anthu a kwa Ndamera okhala ku Blantyre ndi ku Joni. Anthu amene kale ankakagula zinthu za pamwezi ku boma anayamba kugula pompo. Magalimoto a mabungwe ankaima. Azimayi a nsapato zazitali ankagwada pamphasa, kuwakumbatira, wina akujambula. Masana ena mnyamata wa kabaza anadutsa foni yake ikulira mokweza, ndipo Mai Juliana anamva kulira kwawo komwe kukuyenda mumsewu, kukulowera kumalire. Anafunda mpango kumaso mpaka kunazimirira.

Tsiku lina mayi wina wa kutchalitchi anawakumbutsa mmene malemu anathamangitsira mbuzi ndi sikelo m'manja, ndipo Mai Juliana anaseka. Kanali koyamba chichitikireni maliro. Prudence anatuluka msangamsanga.

"Amayi, chonde. Anthu akuona. Mukamaseka ndiye kuti ife tikunama."

Madzulo ake anapempha kuti achape chilundu chakudacho, avaleko china. Fanizo anawagulira chachiwiri, chakudanso.

Funso lija lofunsa ogula ndi limene linavumbula za mchere. Fanizo anatulukira pakhonde akuseka yekha.

"Amayi, zoona? Zaka zonsezi golosale yopanda mchere? Munthu wachisanu ndi chiwiri lero kuufunsa! Ababa ankaganiza chiyani?"

"Ankati mchere umanyowetsa mashelefu, umadya malata."

"Ndiye wofuna mchere ankamutani?"

"Ankamulozera kutsidyako. M'Chisena chawo, ponena kuti mchere palibe, ankati, 'Kuno munyu nkhabe, wolokani msewu.'"

Kutsidya kwa msewu kunali kachisakasa ka nsungwi ndi udzu ka Mai Jesinta, mayi wamasiye amene ankalera zidzukulu zitatu. Ankagulitsa mchere wa milumilu pathebulo, ndi singano pang'ono. Ndiwo anamunyamula Fanizo pa ubatizo, ndipo kuyambira ali mwana ankawaitana kuti a Madrinya, monga amachitira anthu a kwawo kwa bambo ake.

Fanizo anayang'ana kachisakasako kwa nthawi. "Munthu wafika kale pakhomo pako, iwe n'kumutumiza kwa wina. Kumeneko si kufatsa, ndi uchitsiru."

"Asiyire mcherewo, mwanangu. Akudyera pomwepo."

"Bizinesi si tchalitchi, Amayi."

Lachisanu galimoto inatsitsa matumba a mchere. Fanizo sanafune n'kuugulitsa komwe. Anauthira m'timapepala ta pulasitiki, nalemba pakhoma ndi choko kuti aliyense wogula chinthu chilichonse alandira mchere waulere, mphatso yochokera kwa mayi wamasiye. Timapepalato anatiika m'lichero pafupi ndi mphasa, kuti amake azipereka ndi dzanja lawo.

Anapereka. Akanatani? Nyumba inali m'manja mwa mwana, chakudya chinali m'manja mwa mpongozi. Ankapereka maso ali pansi, koma m'mphepete mwa diso ankawaona Mai Jesinta atakhala kuseri kwa milu yawo yoyera, akuingitsa ntchentche zomwe panalibe. Tsiku loyamba kunapita anthu atatu. Pofika sabata yachiwiri, ngakhale azimayi a m'mphakati wawo wa kutchalitchi ankadutsa atayang'ana kumbali.

Mmawa wina Mai Jesinta anawoloka msewu. Anaima pansi pa khonde, osakwera.

"Fanizo, mwanangu, ndabwera ndikupemphe."

"A Madrinya! Mwabwera bwino, ndimakuganizirani." Anatuluka akumwetulira, natembenukira mkati. "Prudence, bweretsa foni. A Madrinya, mungogwira kapepala ka mchere aka, munene kuti, 'Ngakhale ine wogulitsa mchere ndimatenga kwa Mayi Wamasiye.' Anthu aseka, atumiza kanemayo paliponse. Ndikupatsani paketi ya shuga."

Mai Jesinta anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Unandikodzera pachilundu tsiku la ubatizo wako," anatero motsitsa. "Ndinaseka. Ndinkati ndi dalitso."

Anatembenuka n'kuwoloka. Prudence anaseka mpaka kugwira chitseko.

Patapita masiku atatu, Mai Juliana anaona ngolo ya ng'ombe itaima kutsidya. Zidzukulu zinkakweza thebulo, mphasa ndi ndowa. Anadzuka. Prudence anawaitana, koma sanacheuke. Phula linkawotcha kumapazi.

"Mukupita kuti, anzanga?"

"Ku Bangula, kwa mwana wanga wamkazi. Mwamuna wake sandifuna, koma ana awa sangadye mthunzi." Mai Jesinta ankamanga thumba la mchere wotsala, osawayang'ana.

"Ndikhululukireni. Dzanja linali langa."

"Dzanja lanu, inde." Anamanga mfundo, naikoka ndi mano. Kenako anakhala pathumbapo. "Kodi inu munkakhulupiriradi zoti mchere umadya malata?"

Mai Jesinta anayang'ana kugolosale, napitiriza.

"Chaka chimene ng'ona inagwira bambo a ana anga pa Shire, amuna anu ankagulitsa mchere kuposa aliyense pamsika pano. Inu munali kwanu, mukuyembekezera Fanizo yemweyu. Titangometa, anawoloka msewu uno atasenza thumba pamutu. Analitula apa. Anati, 'Kuyambira lero munyu ndi wanu, ine ndasiya.' Anandiphunzitsa kuunjika milu kuti izioneka yonona, kuyala nsalu yoyera, kukhala moyang'ana kumene anthu akuchokera. Ndinati ndikauze anthu kutchalitchi zimene mwandichitira. Anakana. Anati, 'Musauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Anthu asamagule kwa inu chifukwa chokumverani chisoni. Chisoni chimatha. Azigula chifukwa ndiwo zikufuna mchere, poti ndiwo zimaphikidwa tsiku lililonse.'"

Anaimirira, napukuta m'manja pachilundu.

"Ana anayi ndalera ndi mchere umenewo. Palibe anandijambulapo."

Wangolo anakwapula ng'ombe. Mai Juliana anaima m'fumbi mpaka ngoloyo inakhota pamtengo wa mtondo. Atabwerera, Fanizo anali pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwasiya mphasa yokha nthawi yomwe anthu akuchuluka. Musadzabwerezenso. Komanso mawa tijambula kanema wina, uja anthu ayamba kutopa naye. Tikajambulira kumanda."

Analowa mkati. Iwo anakhala pamphasa, nakonza chilundu pamaondo. Malata ankalira ndi kutentha.

Posakhalitsa panaima njinga yakapalasa. Anatsika mayi wina wa kutsidya kwa malire, mwana kumsana, nkhope yotuwa ndi fumbi la ulendo. Sankadziwa za kanema kapena za chikwangwani. Anawomba m'manja mwaulemu.

"Mai, munyu ulipo?"

Lichero linali pomwepo, lodzaza, likukhudza bondo lawo. Mai Juliana anakweza dzanja pang'onopang'ono, chikhato chotambasula, nalozera kutsidya kwa msewu.

"Kuno munyu nkhabe. Wolokani msewu."

Mayi uja anacheuka. Kutsidyako kunali nsungwi zinayi ndi udzu wolendewera. Anayang'ananso Mai Juliana, osamvetsa.

"Ulipo, mayi, lowani!" anafuula Prudence ali mkati. "Musawamvere agogowo, mutu sukuyenda bwino chimwalirireni amuna awo."

Mayiyo anatsamiritsa njinga pakhoma n'kulowa. Mai Juliana anatsala pakhonde, dzanja likadali m'mwamba.