Nsapato Zopanda Mayina

Amake mapasa anali atagwada m'kashopu ka malemu amuna awo, akukoka nsapato pansi pa benchi, pamene alamu awo anaima pakhomo n'kutchinga kuwala konse.

"Mlamu, ndalama zija musazigwire tisanakambirane."

Mayiwo anatulutsa nsapato yakuda yachimuna n'kuyamba kufunafuna inzake. Maliro anali atangotha kumene, abale akutali atabwerera kwawo, koma fungo la guluu ndi chikopa linali likadali m'kachipindamo ngati mwiniwake wangopita kuseri.

Mwiniwakeyo msewu wonse unkamutchula kuti a Bweramawa. Dzinali analipeza ndi pakamwa pawo pomwe. Ukawapititsira nsapato, bwerani mawa. Ukabwera mawalo, uwapeza akuseka ndi anzawo, nsapato yako ili pomwe unaisiya. Anthu ankalalata, ena kulumbira kuti sadzabweranso, koma ankabwerabe, chifukwa bambo amene uja akasoka wasoka. Nsapato inkachita kutha pamwamba ulusi wawo ukadali gwa. Ndipo sankalemba dzina la munthu pa nsapato ayi. Kasitomala akafika, iwo ankangomuyang'ana kumapazi n'kutambasula dzanja pa shelefu, osaphonya.

Impso zawo zitasiya kugwira ntchito, anayamba kupita kuchipatala kukalumikizidwa ku makina otsuka magazi. Ankabwerako ali wefuwefu, n'kukhalabe pa benchi yawo. Madokotala ananena kuti chowapulumutsa n'kuwaika impso ya munthu wina. Achimwene awo, alamu aima pakhomowa, anapezeka ndi shuga. Za mapasa, atsikana awiri omwe anali atangomaliza sukulu, bambo awo anakana kwamtuwagalu, amvekere mwana wawo sadulidwa iwo ali maso. Woyezedwa n'kupezeka woyenera anali mkazi wawo. Tsiku limenelo a Bweramawa anaseka mpaka kutsokomola, ati zaka zonsezi akhala akukangana pa chilichonse, kuyambira mchere mpaka wailesi, osadziwa kuti magazi okha ankagwirizana mwakachetechete.

Chinatsala ndi ndalama. Opaleshoniyo inkachitikira kutali, ndipo mtengo wake unali woti wosoka nsapato akaumva amangoyang'ana kudenga. Apa m'pamene msewu unadzuka. Wina anabweretsa chidebe cha penti, anachitsuka, n'kuboola chivundikiro. Chinayenda mumsika, pa siteji ya mataxi, kusukulu, m'malo ometera, mpaka m'mabala. Anyamata anakonza mpira wolipiritsa, amayi anachapa magalimoto a anthu mpaka manja kuyera. Aphunzitsi aakulu atabwera ndi kope kuti azilemba amene wapereka, a Bweramawa anawabweza nalo.

"Musalembe. Ndikadziwa kuti uyu anaponya zambiri, ndidzayamba kumusokera bwino kuposa mnzake. Ndimadzidziwa ine."

Ndalama zinakwana, tsiku la ulendo linadziwika, amake mapasa anagula ndi chikwama chomwe. Kenako m'mawa wina mtima wa a Bweramawa unangoima, tiyi ali m'kapu. Ndalama zinatsala ku banki, impso inatsala m'thupi mwa mkazi wawo.

Tsopano alamu analowa n'kukhala pa kampando ka makasitomala. Sanali munthu woipa, kungoti ankalankhula ngati akulamula ngakhale popempha madzi. Anafotokoza kuti ndalamazo zinaperekedwa ku banja lino, ndipo banja lino lilipo. Atsikana akufunika kupitiriza maphunziro, lendi ya nyumba siidziwa maliro, ndipo mng'ono wawo sangagone pansi popanda ndi mwala wa pamanda womwe. Anatinso anthu akapereka apereka, palibe amene adzabwere kudzafunsa.

"Sadzafunsa pamaso panga," anatero amake mapasa. "Adzafunsa ndikadutsa. Ndikagula nsalu, adzati ndi ya impso. Mwana akavala nsapato yatsopano, adzati ndi ya impso. Ine mumsewu muno ndikhalamo mpaka kufa, alamu. Anthu anasonkhera chinthu chimene sichinachitike. Ndiwabwezera."

Alamu anafunsa kuti abweza bwanji poti mwamuna wawo, ndi nzeru zake zija, anakaniza kulemba. Mayiwo analoza mulu wa nsapato. Pafupifupi aliyense amene anaponya m'chidebe anali ndi nsapato yake muno. Adzaziyala pakhonde, aliyense adzatenge yake, ndipo potenga adzanene zimene anaponya, alandire. Alamu anapukusa mutu, anati mlamu wawoyo ndi wouma mutu ngati malemu, natuluka osatsanzika.

Kutacha, amake mapasa anapita ku banki ndi mmodzi wa atsikana, nabwerako ndi gawo la ndalamazo m'chidebe chomwe chija. Mapasa anayala masaka pakhonde la shopu n'kundandalika nsapato ziwiriziwiri. Zinali zambiri, abale. Zakusukulu, zakuofesi, majombo, zazitali zaukwati zomwe mwina ukwati wake unatha kalekale. Chodabwitsa n'chakuti zonse zinali zosokedwa, zopolishidwa. Munthu amene moyo wake wonse ankazengereza anali atamaliza ntchito yonse pokonzekera ulendo.

Oyamba kufika anali aphunzitsi aakulu aja. Anapepesa, anatola nsapato zawo zabulauni, nazitembenuza kuona kunsi. Amake mapasa anawayamika ndi mtima wonse, kenako anafunsa mwaulemu kuti kodi m'chidebe anaponyamo zingati. Aphunzitsiwo anavula magalasi, anawapukuta, anati kunena zoona mwezi umenewo zinthu zinawavuta, ankati aponya koma sanaponye. Mayiwo anawayang'ana. Anali atawaona ndi maso awo akupinda envelopu kuti ilowe pa kabowo. Asanatsegule pakamwa, aphunzitsi anali atafunsa kale mtengo wosokera, n'kuponya ndalama m'chidebe, ulendo.

Woyendetsa taxi wina anati iye sabata imeneyo kunalibe, anali ku ulendo. Mayi wa saluni anati anaponya tindalama tachitsulo toti kutitchula n'kudzichititsa manyazi. Alonda a pa sitolo ya hadiweya, nkhalamba yomwe aliyense ankadziwa kuti inagulitsa wailesi yake, anachita ngati khutu lagontha. Anafunsidwa kawiri, iwo n'kumayankha kuti inde, jombo zawakwana bwino. Ndipo aliyense pochoka ankalipira ya kusoka. Mayiwo ankakana, ankati malemu sangalandire, koma anthu ankangoponya n'kuthawa ngati akuba.

Pofika masana chidebe chinali cholemera kuposa m'mawa. Mmodzi wa mapasa anachinyamula kuti achisunthire pamthunzi, n'kuphulika kuseka, koyamba chimwalirireni bambo ake. Mnzakeyo anamutsina, naye n'kuyamba kuseka. Amayi awo sanaseke. Mtima unkawawawa, ndipo sankadziwa ngati akwiye kapena alire. Iwo anabwera kudzatula katundu, anthu n'kumawasenzetsa wina.

Kenako anafika mayi wogulitsa tomato, mnzawo wakalekale, amene pakamwa pake panalibe chitseko. Anatola masandasi ake n'kuwaika m'dengu. Atafunsidwa funso lija, anaika manja m'chiuno.

"Iwe amake mapasa, ukutiyesa chiyani? Ndinapereka, inde, ine sindinama ngati enawa. Koma ukandibwezera ndikazitani? Ndikagule tomato ndi ndalama zimene ndinapempherera? Mwamuna wako anasokera ana anga chaka chonse bambo awo atathawa, sanandifunse kanthu. Nanenso ndikabweze ulusi wake?"

Amake mapasa ananena motsitsa mawu kuti akuopa pakamwa pa anthu, kuti sangadye ndalama za impso pamene impsoyo ikadali mwa iwo. Apa anagwira m'nthiti mwawo, ndipo misozi imene anaisunga pamaliro ponse inatsika. Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali ndalama. Anali atakonzeka kupereka chinthu chimodzi chachikulu m'moyo wawo, ndipo wolandira anachoka asanalandire.

Mayi wa tomato anakhala pansi pambali pawo, anawapukuta ndi nsonga ya nsalu yake mwankhaza ngati akupukuta mwana.

"Ndani wakuuza kuti udye? Ife tinasonkhera impso. Nanga odwala impso atha kuchipatalako?"

Mawu amenewa anakhala m'mutu mwa amake mapasa. Anakumbuka mtsikana wina amene ankagona pa bedi loyandikana ndi la amuna awo ku makina kuja, wowonda, wokonda kuwerenga, amene a Bweramawa ankamuseka kuti adzakhala loya wa anthu osoka nsapato. Mayi ake a mtsikanayo anali atayezedwa kale n'kupezeka oyenera, koma analibe msewu wowayendetsera chidebe. Tsiku lomwe anamva kuti ndalama za a Bweramawa zakwana, mayi ameneyo anawakumbatira amake mapasa pakhonde la chipatala, akusangalala ngati ndi zake.

Dzuwa litapendeka, alamu anatulukira, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Kale ankanyamula anthu pa njinga yamoto, ndipo munthu unkayamba kumva phokoso usanawaone. Anaona chidebe, anachinyamula pang'ono, nafunsa ngati kubweza kwake n'kumeneku. Amake mapasa anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kudikira kuti amwe.

"Alamu, inu ndiye simungandinamize. Njinga yanu munagulitsa chifukwa cha mng'ono wanu. Zanu zokha tengani, mukagule ina."

Alamu anayang'ana kumsewu. Anati njingayo inali yotha kale, inkangowadyera ndalama kwa amakaniko, ndipo dokotala anawauza kuti shuga amafuna kuyenda pansi. Ananena zimenezi nkhope ili gwa. Mayiwo sanawakakamize. Anawauza za mtsikana uja, ndi zimene ananena mayi wa tomato. Anati za kusoka zimene anthu aponya lero ndi thukuta la malemu, zimenezo zilipira lendi, koma za impso zipita ku impso, ndipo adzauza msewu wonse poyera kuti aliyense adziwe kumene zapita.

Alamu anadandaula za sukulu ya atsikana, anadandaula za mwala, anati banja limeneli lili ndi matenda okana chuma. Kenako anafunsa kuti kuchipatalako amatsegula nthawi yanji, chifukwa mayi yekha sangayende ndi nkhani yaikulu chonchi, pafunika munthu wodziwa kulankhula.

Anthu anali atatha, mapasa akupinda masaka. Pakona panatsala peya imodzi yokha imene palibe anaitola. Sizinali nsapato zokonzedwa, zinali zatsopano, zachikazi, za chikopa chofewa, zopanda zingwe kapena chomangira chilichonse. Amake mapasa anati azisunge, mwina mwiniwake abwera sabata yamawa. Atsikana aja anayang'anana.

"Amayi, n'zanu," anatero mmodzi. "Ababa ankasoka inu mukapita kumsika. Anamva adokotala akunena kuti mukadzachotsedwa impso mudzatha masabata osawerama. Ndiye anati mudzavala bwanji nsapato."

Mayiwo anazitenga. Yakumanja inali yosokedwa mwaluso lija la a Bweramawa, ulusi uli ndondondo. Yakumanzere ulusi unayamba bwino, koma chakumapeto unkapita mokhotakhota, pena motalikirana, mmene manja anali atatupira masiku omaliza aja. Komabe anaimaliza mpaka mfundo.

Anaziika pansi. Anavula patapata wawo, nagwira phewa la alamu awo kuti asagwe, n'kulowetsa phazi limodzi, kenako linalo, ali chiimire.