Nyimbo Inagona m'Chigafa cha Fodya

Emmie Zgambo anaphunzira ntchito yochiza mapepala. Musaseke, ntchitoyo ilipo, ndipo ku Zomba, m'nyumba yosungiramo zolemba zakale, munthu amadyera pomwepo. Pepala likang'ambika amalilumikiza ndi kapepala kopyapyala ngati khungu la anyezi, likachita chuku amalisesa ndi kaburashi, likadyedwa ndi tizilombo amatseka mabowo limodzilimodzi. Koma kwawo, kumudzi wina kufupi ndi Embangweni, ankangoti mwana wa a Zondwayo amagwira ntchito ya selotepu m'boma. Mawu amenewo ankamuwawa mpaka m'mafupa, poti pa adani onse a pepala, selotepu ndiye mfiti yaikulu.

Mwezi wa Juni anthu akusasula malata akale panyumba ya agogo ake, anapeza nsungwi yotsekedwa ndi phula mbali zonse. M'kati mwake munali pepala lalitali lokulungidwa zolimba. Kunja kwake kunkaoneka zilembo za do-re-mi zija ankaphunzitsa kumishoni, ndi dzina la mphunzitsi Gordon Zgambo, agogo ake aamuna a Emmie, amene anamwalira kalekale.

Apa mpofunika mudziwe za ankhazi ake a Emmie, alongo awo a bambo ake: a Kezia ndi a Judith. Mphunzitsi Zgambo anapeka nyimbo imodzi yokha moyo wawo wonse, n'kuphunzitsa ana awiriwa akadali aang'ono. A Kezia amati kumapeto nyimboyo imakwera. A Judith amati imatsika. Zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi sanaimalizepo limodzi, chifukwa akangofika pamzere womaliza wina amaima n'kuyamba kukonza mnzake. Amayi a Umanyano kutchalitchi anagawikana pawiri chifukwa cha nkhani imeneyi. Pa ukwati wina nyimboyo inathera m'malere, akwati ali chiimire, eni nyimbo ali pa mkangano.

Tsono pepala lija litapezeka, a Kezia anati lero ndi lero, nalitambasula. Linangoti thyo, kachidutswa kali m'manja. A Judith anawalanda, n'kuimbira foni ku Zomba.

Emmie anatsika basi pa Jenda mawa lake madzulo, kachikwama ka zida zake ali chikumbatire, nakwera njinga yamoto mpaka kumudzi. Sanakhale pansi n'komwe. Anasamba m'manja, naliyang'ana pepalalo, mtima n'kuyamba kuvina. Zaka zisanu ndi zitatu akuchiza makalata a anthu osawadziwa, lero linali dzanja la agogo ake enieni. Koma linali louma gwa, ndipo mzere womaliza, umene onse ankaufuna, unali pakatikati pa mkulungo. Kuti auone ankayenera kulitambasula lonse, ndipo likanathetheka, nyimbo ikanathera m'manja mwake iyeyo, katswiri wa ku Zomba.

“Ankhazi, ili likufunika chinyezi,” anatero. “Kuntchito tili ndi bokosi lake, ndi kachipangizo koyezera. Ndipite nalo, pakatha mwezi ndibwera nalo.”

“Pepala la adada silikwera basi,” anatero a Kezia.

“Silikwera,” anavomera a Judith. Anayang'anana modabwa, poti anali asanagwirizanepo chinthu chiyambire chaka chimenecho.

Bambo ake a Emmie, a Zondwayo, anali pakhonde akusankha fodya, ngati nkhaniyo sikuwakhudza. Iwowo ndi munthu wosaimba, ngakhale kutchalitchi amangogwedeza milomo. Osadzutsa mutu anati, “Ukaligoneke m'chigafa.”

“Adada, ili si fodya.”

“Louma?”

“Louma.”

“Ukaligwira likuthyoka?”

“Likuthyoka.”

“Mbwenu ndi fodya.”

Emmie anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Mlimi aliyense wa fodya amadziwa kuti tsamba louma saligwira masana. Amadikira mbandakucha, chifunga chikalowa m'chigafa, tsamba n'kufewa ngati nsalu. Iye anakulira m'menemo, sukulu yonse anaphunzira ndi fodya yemweyo, ndiye bwanji anaiwala? Anatenga kachidutswa kothyoka kaja, nakakhudza ndi thonje lonyowa la pamtengo wa machesi kuti aone ngati inki ingasungunuke. Inki ya agogo inakana, thonje linatuluka loyera. Emmie analumpha n'kuvina pang'ono pakhonde pomwepo, mayi wamkulu wa madigiri awiri, nkhuku n'kubalalika.

“Nanga tidziwa bwanji kuti lakwana, popanda choyezera?” anafunsa.

A Zondwayo anasankha tsamba limodzi lalikulu, nalifinya pafupi ndi khutu la mwana wawo. Linati tswatswatswa. “Ukumva? Likulankhula. Likasiya kulankhula, gwira pepala lako. Likayambiranso, chotsa manja.”

Anayala tebulo pakati pa chigafa, kutali ndi modontha mame, nagoneka pepalalo pa sefa yoyera, pamwamba n'kufunditsa neti yaudzudzu. Tsamba lija analipachika pambali pake.

Kunja kutangoyamba kuyera, onse anayi anali m'chigafa, mano akugundana ndi chisanu cha ku Mzimba chija chosadziwa mlendo. Chifunga chinali tolo, mtengo wa mango wa pakhomo osaoneka. A Zondwayo anafinya tsamba. Zii.

“Yamba,” anatero.

Emmie analowetsa kampeni kake kopangidwa ndi fupa pansi pa mkulungo, nakankha pang'ono, mwina kutalika kwa chala. Pepala linagonja. Silinalire, silinathyoke, linangogona ngati mwana wokhuta. Anaika pepala lomwa madzi pamwamba, natsindira ndi mtanda wa sopo wokulunga m'nsalu, poti zotsindira zake anazisiya ku Zomba. Sopo atatha anatenga mabatire a tochi, kenako masipuni, kenako loko wa njinga.

Mzere woyamba utaonekera, ankhazi aja anayamba kuuimba, mitu ili pamwamba penipeni pa pepala.

“Ankhazi, malovu,” anatero Emmie. “Ndapota, mangani pakamwa.”

Anamanga zitenje kukamwa ngati akuba mbuzi, napitiriza kuimba momwemo, mawu akutuluka ngati a njuchi za m'mphika. Mzere wachiwiri unabwera, wachitatu, wachinayi, ndipo yonse inali ndendende mmene ankaidziwira. Mzere uliwonse ukatuluka, a Kezia ankamenya a Judith paphewa, a Judith n'kubwezera. Emmie ankadziluma mlomo kuti asaseke, chifukwa kuseka kumagwedeza dzanja. Chimwemwe chinamukwera kumutu ngati wamwa thobwa logona masiku atatu.

Atatsala ndi mapindo awiri okha, dzuwa linaboola chifunga. A Zondwayo anafinya tsamba. Linati tswa, pang'ono chabe, koma onse anamva.

Emmie anachotsa manja. Mantha anamugwira ndithu. Pakatikati ndi pamene pepala limakhala lopindika kwambiri, ndipo pamenepo m'pamene limakonda kuthyokera.

“Tidikire mawa,” anatero.

“Ine mawa sindifikako,” anatero a Kezia kudzera m'chitenje. “Ndifa lero ndi mtima.”

“Mufe mutamva kuti imatsika,” anatero a Judith.

A Zondwayo anatuluka, nabwera ndi keni yothirira dimba ndi masaka anayi. Anawaza madzi pansi ponse, naviika masakawo n'kuwapachika mbali ya kum'mawa, kutseka dzuwa. Kenako anakhala pa ndowa, tsamba lili pakhutu, maso otsinzina. Panapita nthawi yokwana kuphika tiyi.

“Lagonanso,” anatero. “Koma fulumira, silichedwa kudzuka.”

Emmie anapuma kamodzi, nalowetsa kampeni. Pindo loyamba linagona. Lachiwiri linalimbalimba, kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi kanayamba m'mphepete, iye naima, naika chala, nadikira, nakankhanso. Linatseguka lonse, lathunthu, kuchokera kumutu kwa tebulo mpaka kumiyendo. Zotsindira zinali zitatha, choncho anavula wotchi yake n'kuika pakona yomaliza.

Anawerama kuti awerenge, kenako kuseka kuja ankakusunga kunaphulika, mpaka anachita kubwerera m'mbuyo n'kugwira nsanamira.

Nyimbo yonse inali ya liwu limodzi, koma pamzere womaliza mphunzitsi Zgambo anaigawa. Mzere wapamwamba unkakwera, ndipo m'mbali mwake analemba kuti Kezia. Wapansi pake unkatsika, m'mbali mwake Judith. Aliyense anaphunzitsidwa mbali yake, kuti adzaimbe pamodzi.

“Ndiye kuti wanga ndi wapamwamba,” anatero a Kezia.

“Wapansi ndi umene umanyamula nyumba,” anatero a Judith, koma misozi inali itanyowetsa kale chitenje.

“Dikirani,” anatero Emmie. “Pali wachitatu.”

Pansi pa mizere iwiriyo panalidi wina, wa inki yomweyo. M'mbali mwake munalibe dzina. Munalembedwa Chitumbuka, ndipo Emmie anawerenga mokweza: “Mazgu gha uyo wakwiza.” Ndiye kuti liwu la amene akubwerayo. Pansi pake panali deti, Epulo 1961.

Mphunzitsi Zgambo anamwalira mu Meyi chaka chimenecho, akazi awo ali oyembekezera. Mwana anabadwa mu Ogasiti, ndipo bambo ake sanawaonepo ngakhale pachithunzi. Mwanayo ndi amene anali atakhala pa ndowa, tsamba la fodya lili m'manja.

A Zondwayo anadzuka, nayandikira tebulo, nawerama. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

“Adada,” anatero Emmie motsitsa, mtima ukumuwawa, “misozi kutali ndi inki.”

Anamvera. Anabwerera mapazi awiri, manja kumbuyo, nalirira pomwepo, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Alongo awo anawasiya alire. Atapukuta maso ndi mkono wa jekete anafunsa, “Wangawo ukukwera kapena ukutsika?”

Emmie anayang'ananso. “Sukwera, sutsika, adada. Ndi liwu limodzi lokha, lalitali. Anakupatsani losavuta.”

“Liimbe ndimve.”

Emmie analiimba. Iwo analiyesa, linatuluka losasa ngati chitseko cha khola, analiyesanso, kachitatu analipeza. A Kezia anamasula chitenje kukamwa, a Judith nawonso, onse n'kusunthira kutali ndi tebulo. Anayamba pachiyambi, ndipo atafika pamzere womaliza panalibe amene anaima. A Kezia anakwera, a Judith anatsika, a Zondwayo n'kugwira liwu lawo lija pakati. Alongo awo atamaliza iwo anali akadaligwirabe, mpaka mpweya unawathera.