Tsiku Limene Ña Celsa Anazimitsa Mtambo

Nilda Ayala anafika ku ofesi Loweruka limenelo atanyamula dengu la chipa wotentha, timabanzi ta chinangwa ndi tchizi, ndipo aliyense amene anakumana naye pakhomo anampatsa wake, ngakhale mlonda amene ankakangana naye tsiku ndi tsiku za malo oimika galimoto. Munthu akayamba kugawa chakudya chotere kuno ku Asunción, dziwani kuti mumtima mwake muli ng'oma. Linali tsiku loonetsa mtambo kwa mwini kampani.

Chimene anthu a ntchitoyi amatcha mtambo ndi makompyuta akuluakulu ondandalikidwa m'mashelefu, olumikizidwa kuti azigwira ntchito ngati chinthu chimodzi: imodzi ikafa, inzake imasenza katundu wake n'kupitiriza ulendo. Wa Nilda unali m'chipinda chozizira pansi pa nyumba ya kampani ya banja la Ozuna, kampani ya masitolo, malo ogulitsira mankhwala ndi malole oyenda dziko lonse. Kwa zaka zambiri kampaniyi inkabwereka mapulogalamu kwa kampani ina ya kunja, mapulogalamu otsekedwa moti zikavuta umangoimba foni n'kudikira ngati wodwala pabenchi. Nilda ndiye anauma khosi kuti amange mtambo wawowawo, ndi mapulogalamu osabisa amene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalembera limodzi pa intaneti, omwe aliyense angawawerenge ndi kuwakonza popanda kupempha chilolezo.

Kuti zitheke anachita kukoka anthu m'malo awo abwinobwino. Derlis anasiya ntchito ya kubanki, mkazi wake ali woyembekezera, chifukwa chongokhulupirira pakamwa pa Nilda. Enanso anabwera chimodzimodzi. Tsono mwini kampani, mayi wachikulire amene onse ankawatcha Ña Celsa, anali atanena mosapita m'mbali: masitolo asanasamutsidwire mumtambomo, akufuna auone ndi maso awo. Ukakanika, asainanso pangano ndi a kunja aja, ndipo gulu la Nilda lidzamwazika, aliyense kwawo.

Koma Nilda analibe mantha. Ankangomva kuyabwa kuti anthu aone msanga.

Ña Celsa anatsikira pansipo dzuwa litayamba kuluma, ali ndi ndodo yawo ndi juzi chifukwa cha kuzizira kwa m'chipindamo. Pambuyo pawo panali bambo Bogado, wamalonda wa kampani ya kunja ija, atavala suti ndi kumwetulira kwa munthu amene wabwera kumaliro a mdani wake.

"Ndangobwera kudzaphunzira nawo, a injiniya," anatero bamboyo popereka moni kwa Nilda.

"Mwachita bwino, sukulu yathu ndi yaulere," anayankha Nilda. Kenako anatembenukira kwa Ña Celsa. "Mayi, sankhani kompyuta iliyonse imene yakunyansani. Muizule waya nokha."

Gogoyo anayang'ana mashelefu, timagetsi tobiriwira tikuphethiraphethira, n'kuloza imodzi ndi ndodo. Anakoka waya ndi manja awiri. Kompyutayo inati zii. Onse anatembenukira ku sikirini yaikulu ya pakhoma, pamene sitolo yoyeserera inali kugulitsa shuga ndi sopo kwa makasitomala abodza. Sitoloyo sinatsokomole n'komwe.

"Ndiye yafa imeneyi?" anafunsa Ña Celsa.

"Yafa ndithu, Mayi, tiitane ansembe," anatero Derlis. "Iphani ina, zilipo zambiri."

Anazula ina. Kenako ina ya pashelefu ya kumapeto, osauza munthu. Sitolo inapitiriza kugulitsa. Gogoyo anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kotulutsa misozi, akuyenda pakati pa mashelefu ngati mwana amene waloledwa kuswa mbale. Anyamata ndi atsikana a gululo ankakuwa nthawi iliyonse waya akazuka, ndipo chikho cha tereré, tiyi wa madzi ozizira womwerana, chinkazungulira mofulumira moti wothira madzi anatopa. Nilda chimwemwe chinadzaza tsaya. Anasuzumira bambo Bogado n'kuona kuti kumwetulira kuja kwayamba kuuma.

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Nanga magetsi akathima onse, jenereta n'kukana?" anafunsa Ña Celsa akupukuta maso. "Kuno si kwa azungu anu, Bogado. Chilimwe chikafika timaziona. Zimitsani zonse, muyatsenso."

"Zonse, Mayi?" anatero Derlis.

"Ndalankhula Chijeremani?"

Nilda sanaganize kawiri. "Zimitsa, Derlis. Aone."

Anazimitsa. Phokoso la mafani limene linali litawazolowera m'makutu linatsika mpaka kutheratu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chipindamo munamveka basi ikudutsa mumsewu. Nilda anakweza swichi yekha. Mafani anabangula, timagetsi tinayaka shelefu ndi shelefu, anthu anaomba m'manja. Koma sikirini ya pakhoma inakhalabe yakuda.

"Ikudzuka kaye, imachedwerako," anatero Nilda.

Anadikira. Chikho cha tereré chinaima m'manja mwa munthu. Derlis anakhala pa kompyuta yake n'kuyamba kugogoda mabatani, ndipo Nilda anaona khosi lake likufiira kuyambira pakolala kukwera m'mwamba.

"Bwana," ananong'ona. "Tabwerani kuno pang'ono. Kalozera."

Mawu amodziwo anakwanira. Kalozera kanali kapulogalamu kakang'ono kamene kamauza kompyuta iliyonse kumene inzake ili. Popanda iko makompyuta amadzuka inde, koma sadziwana, aliyense amangoitana mumdima. Kale kankakhala pa kakompyuta kakekake pakona. Koma pamene mtambo unayamba kuyenda bwino, gululo linaledzera ndi kusamutsa. Chilichonse chinkalowetsedwa mumtambo, ndipo chomaliza kulowa chinali kalozerayo. Tsiku limenelo anawotcha nyama kwa Derlis, Nilda n'kulankhula mawu onyadira kuti palibenso kanthu kotsala panja. Tsopano mtambo sukanadzuka popanda kalozera, ndipo kalozera sakanadzuka popanda mtambo. Anali atakhoma nyumba, kiyi ali m'kati.

Uchitsiru wotere suchitidwa ndi mbuli ayi. Umafuna anthu ophunzira bwino ndi okonda ntchito yawo mopitirira muyeso.

Nilda anamva manyazi mpaka m'mano. Anaimirira n'kuuza Ña Celsa zoona zake, mwachidule, osadzikometsera.

"Zimachitika, Mayi," analowerera bambo Bogado mofatsa kwambiri. "Ndi vuto lake la zinthu zopanda mwini. Kwa ife mukanangoimba foni. Apa muimbira ndani?"

Ña Celsa anakoka mpando n'kukhala. "Ndikufuna kukadya kwa mwana wanga masana ano," anatero. "Ndikanyamuka pampando pano, nkhani yatha."

Gulu lonse linagwa pa makompyuta. Nzeru inali yakuti auze pamanja makompyuta ochepa oyambirira kumene anzawo ali, kuti adzutse kalozera, kenako zina zonse zitsatire. Anachita zimenezo, ndipo zambiri zinamvera. Koma pulogalamu yosunga makiyi achinsinsi a mtambo wonse inakana kwamtuwagalu. Inkafuna kumva kwa kalozera basi, osati kwa munthu. Derlis thukuta linali kamukamu m'chipinda chimene ena ankanjenjemera ndi kuzizira.

"Bwana, tifunse kubwalo," anatero motsitsa mawu.

Ankanena bwalo la pa intaneti pamene olemba ndi ogwiritsa ntchito mapulogalamuwo amakumana. Mwambo wa kumeneko ndi wouma: ukafuna thandizo umanena poyera chimene wachita, ndi dzina lako lenileni, osadula mbali yochititsa manyazi, chifukwa mbali imeneyo ndi imene ili ndi yankho. Ndipo zimene walemba sizifufutidwa. Nilda ankadziwika pabwalopo. Anali atalankhulapo pamsonkhano wawo ku Montevideo, anthu n'kumuombera m'manja. Choopsa china, Ña Celsa anali munthu wosafuna kuti za m'nyumba zimveke kwa aneba. Anachotsapo manijala chifukwa chongodandaula za kampani paukwati.

Nilda anayang'ana Derlis, amene foni yake inali kuwala pambali, mkazi wake akufunsa mmene zikuyendera. Anapita kwa gogoyo.

"Mayi, ndikufuna ndilembe poyera kuti talakwitsa. Dziko lonse liona, ndipo amene amandidziwa adziwa kuti ndi kuno."

"Ufuna undivule pamsika?"

"Wovulidwa ndine, Mayi. Koma safunsa anadya phula."

Ña Celsa anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo itafinyidwa. Sanavomere, sanakane. Nilda anatenga kukhala chete kumeneko ngati chilolezo, n'kulemba ali chiimirire. Analemba zonse, mpaka za nyama yowotcha.

Yankho loyamba linachokera kwa munthu wa ku Nairobi, ndipo linali kuseka kokhakokha. Lachiwiri linati, "Takulandirani m'banja, ife tinazichita chaka chatha." Kenako anthu anayamba kuwunjikana, wa ku Seoul, wa ku Kraków, aliyense akuulula mmene anadzitsekera kunja kwa nyumba yake. Derlis ankawerenga mokweza, ndipo m'chipindamo anthu anayambanso kupuma.

"Akutiseka?" anafunsa Ña Celsa.

"Akudziseka okha, Mayi. Uyu akuti iwo anazimitsa nduna ikuonerera!"

Kenako analemba mayi wina wa ku Recife, dzina lake Jussara, amene anati ali pamzere wogula nsomba. Iye sanaseke. Ananena kuti m'pulogalamu ya makiyiyo muli pamalo pamene inalamulidwa kusakhulupirira wina aliyense koma kalozera, n'kutchula dzina la fayilo yake. "Tsegulani muwerenge nokha," analemba. "Ndinalemba ndine gawo limenelo, ndipo sindinaganizire za anthu ngati inu. Pepani."

Nilda anakankha Derlis pampando n'kukhalapo yekha. Anatsegula fayiloyo, poti panalibe loko aliyense womuletsa. Mzere uja unali pomwepo, woonekeratu. Anausintha, n'kudzutsanso pulogalamuyo.

"Yalola!" anakuwa Derlis. "Mayo ine, yalola! Kalozera wadzuka!"

Zotsatira zake zinali zokoma kuonerera. Makompyuta anayamba kupezana, awiri, asanu, shelefu yonse, timagetsi tofiira tikusanduka tobiriwira kutsika ndi mzere. Sikirini ya pakhoma inaphethira, ndipo sitolo yoyeserera ija inagulitsa sopo. Phokoso limene linabuka linafika mpaka kwa mlonda. Wina anakumbatira shelefu. Derlis ananyamula Nilda m'mwamba, n'kumutsitsa msanga atakumbukira kuti ndi bwana wake.

Bambo Bogado anayeretsa kukhosi. "Mwayi, Mayi. Kampani yaikulu ngati yanu singadalire mayi wogula nsomba."

"Iwe ndinakuimbira chaka chija masitolo anga ataima, unabwera Lachitatu, patadutsa masiku," anatero Ña Celsa osamuyang'ana. Anatembenukira kwa Nilda, nkhope ili gwa, ndipo chisangalalo chonse chinazima. "Ndinati muzimitse, muyatse. Sindinati muzimitse, mulire, dziko likutoleni. Chimene ndaona ine n'chakuti sunadzuke."

Nilda anavomera ndi mutu. Zinali zoona.

"Kiyi uja, kalozera wanuyo, mwamutulutsa m'nyumba?" anafunsa gogoyo.

Derlis anali atayamba kale. Anakokera pansi pa tebulo makompyuta awiri ang'onoang'ono, n'kuikamo kalozera, ina pa waya wa uku, ina pa wa uko, kunja kwa mtambo. Sizinatenge nthawi. Ntchito imene inawachititsa manyazi pamaso pa dziko inali yochepa chomwecho.

"Tatulutsa, Mayi," anatero Nilda.

Gogoyo anadzuka pampando. Mitima ya anthu inaima, poti onse ankakumbukira zimene ananena za mpandowo. Koma sanalowere kukhomo. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pa swichi yaikulu, n'kuigwetsa okha, osachenjeza munthu. Mdima wa m'mashelefu unabwereranso. Anadikira mpaka fani yomaliza itasiya kuzungulira, n'kukwezanso.

"Manja kumbuyo nonse," analamula. "Wokhudza batani ndimudula chala."

Anaima mondondozana ngati ana a sukulu, manja kumbuyo. Mafani anabangula. Shelefu yoyamba inabiriwira, yachiwiri inazengereza mpaka Derlis anayamba kupemphera mokweza m'Chiguarani, chilankhulo cha makolo ake, kenako nayo inatsatira. Popanda dzanja la munthu, sikirini inayaka.

Panalibe amene anakuwa. Onse ankayang'ana Ña Celsa, amene anali kumanga mabatani a juzi yawo mosafulumira.

"Bogado, undiperekeze kugalimoto, ukatero uzipita," anatero. Pakhomo anacheuka. "Nilda, Lolemba muyambe ndi masitolo a mankhwala. Ndipo ukamalemba kwa anzako aja kuti zatheka, usabise dzina la kampani yanga. Ulembe lonse."

Chitseko chitatsekeka, Nilda anakhala pansi pomwepo, pa simenti yozizira, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Derlis anali kale pa foni, chala chili kukhutu linalo chifukwa cha phokoso la anzake.

"Mayi a mwana," ankakuwa, "ntchito ilipo! Ukundimva? Ndati ntchito ilipo!"