Vani ya Bambo Itasiya Kukoka

Vani ya bambo inali itayenda mpaka mita yake inaleka kuwerenga. Inanyamula mabedi ndi makabati a anthu osamuka kwa zaka zambiri, koma chaka chimenecho inayamba khalidwe lachilendo. Ukaponda moto pachitunda injini inkangolira, galimoto ili kukwawa, kenako giya inkalowa mwamphamvu mpaka mano kugundana.

Chisamba, mwana wawo woyamba, anakulira pansi pa vani imeneyo akupatsira bambo masipanala. N'chifukwa chake mtima unamuwawa atamva kuti bambo aitana mwamuna wa mlongo wake, uja amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, kuti adzaione. Munthu wolowa m'banja dzulodzuloli, wa malaya oyera ngati wa kubanki, nkhani ya giyabokisi angaiyambire pati?

Loweruka Chisamba analawirira, koma anapeza boneti ili yotsekula kale, mlamu wake atawerama, bambo akumugwirira ambulera kuti dzuwa lisamuwotche. Mlamuyo ankanena kuti giyabokisi yatha, mpofunika kusaka ina, ndipo bambo ankangogwedeza mutu ngati akumva za dokotala.

Chisamba anafunsa ngati ayeza oilo wa giya. Mlamu anati wayeza, ngodzaza. Koma injini inali yozizira, yosaliza n'komwe. Chisamba ankadziwa kuti oilo wa giya amayezedwa injini ili yotentha. Analiza galimoto, kuisiya itenthe, kuyendetsa chogwirira m'magiya onse, kenako n'kusolola choyezera. Oilo ankangonyowetsa kunsonga. Anamupaka pa kansalu, kumununkhiza. Anali wofiira moderapo, koma wosanunkha kupsa.

"Giyabokisi sinafe iyi," anatero. "Ili ndi ludzu chabe."

Analowa pansi chagada. Paipi yopita ku radiyeta inali yonyowa polumikizira, kachitsulo komangira katakhwefuka. Anamanga, n'kumasula chibeseni cha pansi pa giyabokisi. Pa maginito ake panali matope otuwa okhaokha, popanda tizidutswa ta zitsulo. Anatsuka, kuika fyuluta yatsopano, kuthira oilo pang'onopang'ono.

Chimene chinamutopetsa kwambiri n'chakuti mlamu sanatsutse chilichonse. Ankamuunikira ndi tochi, kumupatsira nsalu, n'kumafunsa mwaulemu kuti amvetse. Chisamba anabwera atakonzeka kukangana, ndiye mkwiyo wake unasowa pogwera.

Nthawi yoyesa galimoto itakwana, bambo anapereka makiyi kwa mlamu, amvekere odziwa chiwongolero ndi amenewa. Chisamba, poti ovolosi yake inali oilo yekhayekha, anauzidwa kuti akhale kumbuyo pa mabulangete okutira mipando. Pachitunda cha kuseri kwa msika vani inakwera bwinobwino, magiya akulowa mosamveka n'komwe. Bambo anamenya dashibodi ndi chimwemwe.

"Apongozi, dzanja lanu ndi labwino."

"Ayi bambo, ntchito yonse agwira ndi alamuwa. Ine ndimangounikira."

"Uyu ndi wam'nyumba," anatero bambo osacheuka. "Wam'nyumba sathokozedwa."

Anaseka awiriwo kutsogolo. Chisamba anayang'ana zikhadabo zake zakuda, kenako khosi loyera la malaya a mlamu, n'kulakalaka ataliika chala.

Pobwerera, mlamu ataika livesi kuti alowe pageti, vani inazengereza kaye isanagwire. Palibe anazindikira koma Chisamba yekha. Anadziwa kuti kuyenda kuja kopanda oilo wokwanira kwasiya bala mkatimo, ndipo katundu wolemera akhoza kulikulitsa. Anatsekula pakamwa kuti anene, koma anaona dzanja la bambo lili paphewa la mlamu, n'kutseka. Mumtima anati adziwa okha odziwa chiwongolerowo.

Anasamba m'manja pampopi wa panja, kukana tiyi, n'kutsanzika. Atafika pamsewu anaima. Anaganiza za bambo atatchona pachitunda ndi makabati a eni ake, akukankha ndi msana wawo wodwaladwala uja. Anabwerera, koma sanapite kumene kunali azibambowo. Analowera kukhitchini, n'kuuza amayi kuti awauze bambo asanyamule zolemera kufikira iye atadzaionanso.

Amayi anamufunsa chimene chikumuletsa kukanena yekha. Iye anati akufulumira.

Anabweradi mkati mwa sabata, tsiku limene anaonetsetsa kuti mlamu ali kuntchito. Bambo anamugwirira tochi mpaka kumaliza, akumufotokozera mmene apongozi awo amakhotera bwino pakona.