Pepala Limene a Apisai Sanasaine

Lachisanu lina amuna anga, a Apisai, anabwera kunyumba nkhope itagwa. Iwo amayendetsa ambulansi pachipatala china cha boma kuno pachilumba cha Vanua Levu. Anaponya pepala patebulo.

"Mereoni, tawerenga. Akuti kuyambira mwezi wamawa ndalama yogwirira ntchito Lamlungu yatha. Ati tisaine."

Ndalama imeneyo ndi imene imadyetsa mwana wathu Salote kusukulu mumzinda wa Suva.

"Lolemba sindipitako!" anakalipa a Apisai. "Odwalawo mabwanawo aziwabereka okha!"

Anzathu oyandikana nawo nyumba, mayi Sushila Naidu, ankathyola tsabola kuseri kwa mpanda. Iwo amachapa nsalu pachipatala pomwepo, komanso ndi nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito.

"Achimwene, mawu anuwo akumveka mpaka kutauni ya Labasa!" anatero akuseka. "Mukajomba, wovutika ndi mayi woyembekezera, inunso ntchito ikutherani. Mwasaina?"

"Ayi."

"Musayerekeze."

Mayi Naidu anabwera ndi kabuku kothimbirira, n'kuloza ndime ina. "Ili ndi pangano la bungwe lathu ndi boma. Asanasinthe malipiro ayenera kutidziwitsa, kutiuza zifukwa, n'kukhala nafe pansi. Achita zimenezo?"

"Angomata chidziwitso pakhoma."

Mayi Naidu anayenda wodi ndi wodi kumva maganizo a anzawo, kenako analemba kalata yaulemu yopempha zokambirana. Palibe anajomba.

Patatha milungu iwiri, mkulu woona za antchito anafika kuchipatalako. A Apisai anandiuza kuti mayi Naidu, manja atatuwa ndi sopo, anaimirira n'kuyankhula. "Bwana, sitikukana kusintha. Tikukana kusinthiridwa ngati ana."

Mkuluyo anawerenga ndimeyo kawiri. "Apa tinalumpha mfundo," anavomera. Chidziwitso chija anachichotsa.

Zokambirana zinatenga mwezi wathunthu, ndipo sizinali zophweka. Antchito anavomera ndondomeko yatsopano yosinthana Lamlungu, boma linasiya ndalama ija mmene inalili. Salote sanasiye sukulu.

Ndinawapititsira mayi Naidu dengu la nkhanu. Anandikalipira kuti ndawononga, koma analandira.

Anzanga ogwira ntchito m'boma, dziwani zimene zili m'pangano lanu. Malipiro akasinthidwa popanda kukambirana, musasaine mothamanga ndipo musanyanyale panokha. Pitani kwa nthumwi yanu, mukalankhule ndi mawu amodzi.