Chitsulo cha Mano Awiri

Patatha chaka bambo anga, a Phineas Zulu, atamwalira, tinayamba kukonza zoika mwala pamanda awo ku Chingwere. Mlongo wanga Virginia, wa ku Kabulonga, amene sachita chinthu popanda oonerera, anati pamwalapo pajambulidwe chida cha ntchito yawo.

Chidacho tinachipeza pansi pa bokosi lawo, chitakulungidwa m'chiguduli. Chinali chitsulo chotalika ngati mkono, chogwirira chake cha mtengo chitasalala ndi manja, kunsonga kuli mano awiri okhota ndi kakhutu kophwatalala pambali. Tonse tinkadziwa kuti tili ana ku Kabwata bambo ankagwira ntchito ya njanji. Ankatero eni ake. Koma wosema mwala anafuna dzina la chidacho kuti alembe pansi pa chithunzi, ndipo palibe ankalidziwa.

Ndinayenda nacho ngati wogulitsa mankhwala a makoswe. Mkulu wa kutchalitchi kwathu ku Woodlands, amene anakalambira ku njanji, anachitembenuza katatu nati sanachionepo. Wogulitsa zosemasema wina anati n'chotembenuzira nyama pamoto, bodza lochita kuonekera m'maso. Potsiriza anandilozera kwa a Ayub ku Chunga, mmisiri wa zitsulo amene makolo ake anachokera ku Mangochi.

Ndinawapeza atakhala pampando panja, kofia kumutu, maso atachita ng'ala. Nditawapatsa chitsulocho, sanachiyang'ane n'komwe. Anachisisita ndi chala mpaka pakakhutu paja, kenako anachiika pansi napempha mdzukulu wawo madzi osamba m'manja.

"Mwachitenga kuti ichi?"

"N'cha atate anga. Anali ku njanji."

"Ichi sichinaonepo sitima, mwana wanga. Ninapanga ine vinthu ivi, vambili. Nthawi ija ku Kabwata vimbuzi vinali va mabaketi. Kumbuyo kunali kachitseko. Aka kakhutu n'kotsegulila, aya mano n'okokela baketi kuti munthu asagwile na manja. Atate anu ndani?"

Ndinawatchula.

"Phineas wa njinga yofiila. Enzo vala saka kumutu, maso chabe kuonekela, cifukwa njila yake inali kupita kuseli kwa nyumba yake yomwe. Anapempha kuti amusinthe, kapitao anakana."

Anthu otaya mabaketi a zimbudzi aja ndinkawakumbuka bwino. Tinkawatcha anyamazai. Anyamata a mumzere wathu tinkalawirira m'mamawa kukawabisalira kumpanda, n'kumawaimba nyimbo zachipongwe ndi kuwagenda. Pa kugenda ine ndinali katswiri, ndipo ndinkanyadira.

"Siku lina anabwela kuno na magazi pa saka," anapitiriza a Ayub. "Mwala unamutema pamwamba pa diso. Ninamufunsa ngati wamuona mwana wamene wamutema, tikauze makolo ake. Anaseka. Akuti, ni wanga uja, ali na dzanja labwino, sakaphonya sukulu."

Ndinakumbuka tsikulo. Bambo anabwera ndi bandeji nati agwa panjinga, ndipo ine ndinawathandiza kuwongola chiwongolero chimene sichinali chokhota. Zaka makumi asanu anadya nane mbale imodzi, anandiperekeza ku ukwati, ananyamula ana anga, osanena kanthu. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo, ndipo amene ndikanawapepesa anali pansi pa dothi.

Ndili m'galimoto foni inalira. Anali Virginia.

"Ba Dingani, mwapeza? Uja wa mwala afuna kuziba lelo, abusa na banzanga ba kunchito bonse bazabwela povundukula."

Ndinayang'ana chitsulocho pampando. Ndinkafuna kunena zoona, Mulungu ndi mboni. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Ni ca njanji. Cokokela mawaya."

Loweruka anavundukula mwalawo. Chithunzi chinatuluka bwino, mano awiri ndi kakhutu komwe, pansi pake mawu akuti anatumikira njanji mokhulupirika. Anthu anaomba m'manja, Virginia akujambula ndi foni. Kumbuyo kunaima nkhalamba zitatu za ku Kabwata, anzawo a bambo. Zinayang'ana chithunzicho, zinayang'anana, kenako imodzi inandiyang'ana ine n'kuweramitsa mutu. Bambo anavala saka kuti ine ndisachite manyazi. Tsiku limenelo ndinawaveka lina ndine, ndipo saka la mwala silivulika.