Phazi Linadikira Linzake

Mkulu wina wosoka nsapato anali ndi mdzukulu mmodzi yekha, komanso bondo lakumanzere limene madokotala analing'amba chaka chatha. Chifukwa cha bondo limenelo, mpongozi wake, make mwanayo, anaika lamulo: agogo azinyamula mwana atakhala pampando basi.

"Si mwano ayi, bambo," ankatero. "Koma mwendo wanuwo sindiukhulupirira."

Mkuluyo ankangoseka, koma tisabise, zinkamuwawa. Munthu woti analera ana asanu, lero azipatsidwa mdzukulu ngati mbale yobwereka? Miyezi inayi yathunthu ankangolakalaka chinthu chimodzi, kuyendayenda m'nyumba mwana ali paphewa.

Tsiku lina masana mkaka unasefukira kukhitchini. Mpongozi anamutula mwana pamiyendo ya agogo, m'chipinda chakumaso momwe ankasokeramo, n'kuthamanga. "Musaimirire," anatero ali kale m'khonde.

Mwana anayamba kulira, kulira kwamkwiyo kuja, kumaso kuli psuu. Agogo anamugwedeza, anamuimbira, anamuonetsa nyundo, koma ayi ndithu. Basi anaimirira.

Kuphazi kunalibe kanthu, monga mwa masiku onse. Nsapato zake zinali pashelefu zikudikira soli kuyambira kalekale, za eni ake ndiye zinkatha tsiku lomwelo. Ndipo timisomali ta nsapato ankatidziwa bwino, anali atatiponda kosawerengeka. Ankakonda kuuza makasitomala kuti phazi silipempha chilolezo kumutu. Likangobayidwa limadzichotsa lokha, ululu ukamafika umalipeza lili kale m'mwamba. Zitini za guluu zimene anagubuduza chifukwa cha khalidwe limeneli n'zambiri.

Anaponda kamodzi, kawiri, mwana n'kukhala duu. Kachitatu chidendene chakumanja chinatera pa kamsomali koloza m'mwamba.

Tsono taganizani. Mwendo wabwinowo ndi umene wabayidwa, ndipo thupi lonse latsamira pomwepo. Wodwala uja uli m'malere, sunatere. Phazi likanati lidumphe monga linazolowerera, gogo ndi mdzukulu akanapezeka pasimenti.

Silinadumphe. Linakakamira pansi, kamsomali kali m'kati, mpaka lakumanzere linatera n'kulimba. Pamenepo m'pamene linafwamphuka, ndipo bondo lonyozeka lija linasenza anthu awiri popanda kugwedera. Mwini wake sanaganizepo kanthu. Zonse zinatha asanatsegule n'kukamwa komwe.

Mwana anaseka kwambiri, ankayesa ndi masewera.

Mpongozi anali ataima pakhomo, nsanza ili m'manja. Anaona zonse.

"Ndinati musaimirire, bambo."

"Munatero, mayi."

"Nanga mwaimiranji ndi mwendo umodzi ngati tambala?"

"Ndikumuphunzitsa kuvina."

Dontho la magazi linagwa pasimenti, bodza n'kuthera pomwepo. Mpongozi anawakhazika pabenchi, anatenga pulayala yawo yomwe, anagwada n'kuzula kamsomali kaja. Mkuluyo analuma mano, koma mwana sanamusiye.

"Koma simunagwe bwanji?" anafunsa akutsuka balalo.

"Funsani phazilo, ine sindinaliuze kanthu. Zaka zonsezi limathawa osacheuka. Lero laona kuti linzake silinafike, ladikira."

"Ndiye lili ndi nzeru kuposa eni ake."

"Zimenezo malemu apongozi anu ankanenanso."

Anaseka onse awiri, koma mtima wa mkuluyo unali utagwa. Anadziwa kuti zake zada, tsopano ngakhale za pampando zija amuletsa. Pulasitala atamatidwa, anamupsompsona mwana pamutu n'kutambasula manja kuti amubweze.

Mpongozi sanamulandire. Anatenga tsache n'kusesa chipinda chonse, kunsi kwa benchi, kuseri kwa makina, m'makona monse. Anatola timisomali khumi ndi tiwiri, n'kuwaonetsa agogo pachikhatho. Kenako analowa kuchipinda, anabwera ndi masilipasi a mwamuna wake, n'kuwaveka yekha agogo.

"Uyu salola kukhala pansi, mwaona nokha," anatero. "Muziyenda naye. Mukatopa mundiitane, ine chitofu chikundidikira."

Mkuluyo anaimirira pang'onopang'ono, mwana ali paphewa. Chidendene chinkawawa koopsa. Anayenda mpaka kukhoma, anabwerera, anapitanso, akutsimphina miyendo yonse iwiri, misozi ikutsika, koma mkuluyo sanamuitane mpongozi wake mpaka mwana anagona.